Mukukwera phiri masiku angapo pagulu? Mutu ukayamba kuwawa, nenani

Uthengawu ndi wa inu amene mwapangana zokwera phiri masiku atatu anayi, zikwama kumsana, kugona m'matenti. Mavuto ambiri a kumeneko amayamba mwakachetechete, ndiye munthu amangobisa poopa kuchedwetsa anzake kapena kuoneka wofooka.

Mukadutsa mamita 2,500 mpweya umapepuka, mukakoka kamodzi thupi limapeza okosijeni wochepa kusiyana ndi kumunsi. Matenda ake sabwera pompopompo ayi, nthawi zambiri amadikira maola 6 mpaka 12 mutafika, n'chifukwa chake ambiri amawamva usiku ali m'tenti: mutu kuwawa, nseru, chizungulire, chakudya osachifuna, tulo osabwera. Zimangokhala ngati matsire koma usanalawe mowa. Ndipo sasankha, olo mukhale othamanga m'mawa uliwonse akugwirani basi, mwinanso inuyo ndi amene mungayambe poti mumakwera mwaliwiro n'kusiya anzanu kumbuyo.

Mukapitirira mamita 3,000, malo ogona asamakwere kuposa mamita 500 pa usiku umodzi, ndipo pakatha masiku 3 kapena 4 mupume tsiku lathunthu. Kukwera masana n'kutsika kukagona cham'munsi kulibe vuto. Wina akayamba kudandaula, gulu lisakwerenso naye, apume pomwepo, azimwa madzi, parasetamo amathandiza mutuwo. Tsiku likatha osasintha, atsike. Pali mankhwala a acetazolamide othandiza thupi kuzolowera msanga, koma amenewo akulembereni dokotala musananyamuke, osati kupemphana m'njira.

Tsono izi ndiye zosadikira nazo kuti kuche: munthu kudzandira ngati waledzera, kuyankha zosagwirizana, kugona osadzutsika bwino, kupuma mwabefu chikhalirecho asakuchita kanthu, chifuwa chotulutsa thovu, nthawi zina lofiirira, milomo kuda. Pamenepo ndiye kuti ubongo watupa kapena madzi alowa m'mapapo, ndipo zimapha. Mutsikeni nthawi yomweyo olo pakhale pakati pa usiku bola njira ikuyendeka, kungotsika mamita 300 mpaka 1,000 kumasintha zinthu, kenako ku chipatala. Asatsike yekha. Ndipo akamati "ndili bwino, pitirirani" musamumvere, mutu wake si umene ukuganiza bwino panthawiyo.

Chisanu nachonso anthu amachiderera. Pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye kuonjezera mphepo ndi mvula, thukuta lija mumalimva kukoma masana limasanduka mdani dzuwa likalowa. Thupi limayenda bwino pa madigiri 37, likafika pansi pa 35 zavuta. Munthu amanjenjemera, zala zimakanika kutseka zipi, lilime limalemera. Akasiya kunjenjemera koma akadali wozizira musati wachira, ndiye kuti zafika poipa. Muvuleni zonyowa, muvekeni zouma ndi chipewa, agone pa mati osati pansi penipeni, tenthetsani chifuwa ndi thunthu poyamba, osamutikita manja ndi miyendo. Ngati akumeza bwinobwino mupatseni chakumwa chofunda cha shuga. Mowa ayi, umangonamiza kuti mwafunda pomwe ukutaya kutentha kudzera pakhungu. Zovala za thonje zikanyowa zimachedwa kuuma, ndiye sungani juzi ndi sokosi zouma mu pulasitiki, zogonera zokha.

Kukazizira pamabwera kamaganizo koti tiphikire m'tenti titatseka. Musayerekeze. Mbaula ya gasi kapena makala imatulutsa mpweya wa carbon monoxide, sununkha, suoneka, ndipo kuipa kwake umayambanso ndi mutu ndi nseru, munthu n'kumati ndi phirili.

Madzi a mumtsinje kuoneka mbee si ndiye kuti ndi abwino, kumtunda kwake kumadutsa anthu ndi nyama. Awiritseni abwate kwa mphindi imodzi, mukakhala pamwamba pa mamita 2,000 mphindi zitatu poti kumeneko madzi amawira asanatenthe ngati mmene amatenthera kumunsi, apo ayi gwiritsani sefa kapena mapilitsi a klorini. Pofuna kudzithandiza pitani mamita osachepera 60 kuchokera pamadzi, kumbani kadzenje, kwirirani, sambani m'manja ndi sopo musanagwire chakudya cha gulu. Wina akatsegula m'mimba mupatseni ORS, ngati mulibe sakanizani lita imodzi ya madzi owiritsa, masipuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere.

Amene muli ndi matenda a mtima, mphumu, shuga, khunyu, sickle cell kapena ndinu oyembekezera, kaonaneni ndi dokotala ulendo usanafike, ndipo wotsogolera gulu adziwe mankhwala anu ali thumba liti. Kunyumba siyani munthu wodziwa njira imene mudzere ndi tsiku lobwerera, netiweki kumapiri imathawa.