Mapadi a mabuleki atsopano pa disiki yakutha n'kutaya ndalama

"Ingoikani mapadi okha, madisikiwo akadali bwino." Mawu amenewa sasowa m'magalaja a pa Dedza ndi pa Ntcheu, ndipo wonenayo nthawi zambiri sanagwireko n'chala chomwe disikiyo. Mwadziwa bwanji kuti ili bwino? Disiki sayeza ndi maso. Opanga anadindapo zilembo zoti MIN TH ndi nambala ya mamilimita. Makaniki ayeze ndi micrometer, kachipangizo koyezera kukhuthala, ndipo ikapyapyala kufika pa nambala imeneyo, yatha basi, ngakhale ikunyezimira.

Disiki ndiyo imamwa kutentha konse mukaponda buleki. Yopyapyala imapsa msanga, ndipo kuno kwathu n'kumapiri. Tsikani Khwekhwerere kuchokera pa Masasa kulowera ku Golomoti ndi Sienta yodzaza anthu ndi matumba a kachewere, phazi lili pa buleki mtunda wonse: musanafike kunsi mumva fungo lopserera, buleki n'kuyamba kulowa pansi. Ikani giya yaing'ono injini ikuthandizeni. Ndipo zatenthazo musazithire madzi ayi, disiki imapindika kapena kung'aluka.

Disiki ina simapyapyala kwambiri koma imakhala ndi mizere yokumbika. Padi yatsopano imangokhudza pamwamba pa mizereyo, mbali yaikulu osagwira, kenaka mwini galimoto n'kumadandaula kuti anamugulitsa mapadi achinyengo. Mapadiwo musadikire kuti alire. Atsopano amakhala okhuthala pafupifupi mamilimita 10. Akafika pa 3 sinthani. Mukamva chitsulo chikukwecha chitsulo chinzake, mwachedwa kale, mugulanso disiki imene mukanaipulumutsa.

Sinthani mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere, tsiku limodzi. Mukasintha kumodzi galimoto imakokera mbali poima. Pomanga, palani dzimbiri lonse pa hub, pamene disiki imakhalapo, mpaka poyera, chifukwa kachibulu kochepa kotsalira kamapendeketsa disiki, chiwongolero n'kumanjenjemera pakapita miyezi. Disiki yatsopano imabwera yopakidwa mafuta oteteza dzimbiri, ipukuteni ndi brake cleaner. Kalipa, chitsulo chimene chimapanikiza mapadi pa disiki, imangeni ndi waya, isalendewere pa paipi ya labala.

Mapini awiri amene kalipa imatsetserekapo ndiwo amaiwalidwa kwambiri. Fumbi la chilimwe ndi matope a dzinja zimawaumitsa. Mukaona padi imodzi yatheratu inzake ikadali yonenepa, yambani mwakayikira mapiniwo kapena pisitoni ya m'kalipa yogwira, musanatukwane wogulitsa. Atsukeni, muwapake girizi wa mabuleki. Girizi wamba amatupitsa labala. Mukamaliza, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe galimoto isanasunthe, apo ayi kuponda koyamba sigwira. Makilomita 200 oyamba muziima mofatsa kuti mapadi akhazikike.

Chimene chimandisowetsa mtendere kuposa zonsezi ndi galimoto imene imafika tayala limodzi lilibiretu buleki. Kalipa inayamba kudontha, wina wapansi pamtengo n'kupana paipi yopita ku tayala limenelo, kapena kuitseka ndi msomali, ati kuti mufike kaye. Kufika kaye kwakeko kumatha miyezi, galimoto ikunyamula ana asukulu ndi amayi opita ku msika wa Lizulu. Pamsewu wouma, poyenda pang'ono, woyendetsa saona vuto lenileni. Tsiku la chiperoni, phula la M1 litanyowa, njinga n'kutulukira mwadzidzidzi, galimoto imapotokera mbali imene ikugwirayo. Wopanayo analandira zake kalekale, ndipo sadzafunsidwa.

Anthu omwewo ndiwo amathira madzi a sopo m'kabotolo ka mafuta a mabuleki. Madzi amawira pa madigiri 100, pamene mafuta a mabuleki atsopano a mtundu wa DOT 4 amapirira mpaka 230, ndipo zikawira m'paipi phazi limangofika pansi. Mafuta a injini ndiye amadya malabala onse a m'kati. Thirani DOT 3 kapena DOT 4 malinga ndi zolembedwa pa chivindikiro, ochokera m'botolo lomata, ndipo muziwasintha pakatha zaka ziwiri chifukwa amayamwa chinyontho. Akamatsika msanga m'kabotolomo, kuwonjezera si mankhwala. Pali pamene pakudontha, galimotoyo isachoke pagalaja mpaka papezeke.