Wobwera kuchokera kunja akakhala chete si matama

Anthu ambiri amati chovuta n'kupita kukaphunzira kunja, koma kubwerera kwanu ndi chimwemwe chokhachokha. Ndiye wophunzira akabwera n'kumaoneka wokhumata, amamunena kuti wayamba kudzimva. Si choncho ayi.

Mu 1955, katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu, Sverre Lysgaard, anafufuza anthu a ku Norway amene anakaphunzira ku America. Iye anafotokoza kuti mlendo amayamba ndi kusangalala, kenako amasokonezeka, pambuyo pake n'kuzolowera. Mu 1963, akatswiri ena awiri, John ndi Jeanne Gullahorn, anaonjezera kuti zomwezi zimachitikanso munthu akabwerera kwawo.

Popita, munthu amadziwa kuti akukakumana ndi zachilendo ndipo amakonzekeratu. Pobwera sakonzeka, poti nanga si kwawo? Koma amafika n'kupeza anzake anakwatira, ana amene anawasiya akukwawa akuthamanga, ndipo nthabwala zimene anthu akuseka iye sakuzidziwa chiyambi chake. Nayenso anasintha, ngakhale mwini wake sadziwa. Akayamba kufotokoza za kumene anali, omvera amatopa msanga, ena n'kumatsinana. Akaona zimenezi kawiri katatu, amasiya kuzikamba n'kungokhala duu, akuganiza za anzake amene anawasiya kuja.