Lipoti lati paipi yakhoza, koma kompyutayo yaona chani?

Chitsulo chikatentha chimatalika, ntchito yathu yonse yagona pamenepa. Paipi yachitsulo ya mamita 50 yonyamula nthunzi ikachoka pa madigiri 20 kufika 220 a Celsius imatalika ndi masentimita pafupifupi 12. Mukaimanga zolimba uku ndi uku osaisiyira kothawira, mphamvu yonseyo ikathera pakamwa pa pampu kapena pa boila, ndipo kumeneko china chake chigonja basi. Kulikonse kuli maboila, ngakhale ku mafakitale a shuga ngati Nchalo ndi Dwangwa, nkhani ndi yomweyi.

Nde pali mapulogalamu a pakompyuta owerengera mphamvu zimene zimagwera paipi, monga CAESAR II, AutoPIPE ndi ROHR2. Timalowetsamo kukula kwa paipi, kukhuthala kwake, pulesha, kutentha ndi pomwe pali masapoti (zogwiriziza paipi), pulogalamuyo nkutiuza kuti paipi isuntha bwanji, ikukankha pampu ndi mphamvu yanji, komanso ngati ili mkati mwa malamulo a kamangidwe ka mapaipi otchedwa ASME B31.1 kapena B31.3. Apa sindinyoza ayi, masamu oti munthu akanatuluka nawo thukuta masabata imatha kanthawi kochepa.

Chimene chimandidetsa nkhawa nchoti mabwana ambiri akangoona lipoti lakhoza amati zatheka. Pulogalamuyi paipi imaiona ngati ndodo yabwinobwino yopanda chilema, pa makona ndi pa mphanda imangochulukitsa zomwe yapeza ndi manambala omwe chiyambi chake ndi zoyesa za injiniya wina, Markl, za m'ma 1950, nde pomwe paipi yalumikizana ndi thanki yopyapyala pamafunika kuwerengera kwina, kwa FEA (kogawa chitsulocho m'tizigawo ting'onoting'ono pakompyuta), kuti uone chikuchitika pakhoma penipenipo. Valavu ikatsekedwa mwadzidzidzi madzi amamenya paipi ngati hamala, koma kukula kwa nkhonyayo pulogalamuyi siidziwa yokha, nthawi zambiri uwerengere kaye kwina nkuipatsa.

Nanga dzimbiri lomwe ladya paipi mkati? Sapoti yomwe pa pulani imatsetsereka koma kufakitale inagwira dzimbiri kalekale, kapena owotcherera anaichotsa kuti adutsitse makina osaibwezeretsa? Zonsezi kompyuta siiziona, imakhulupirira zomwe munthu waiuza, ngakhale atalakwitsa kutentha ikupatsabe yankho looneka bwino.

Ichi nchifukwa chake injiniya akakubweretserani lipoti mufunseni kuti madigiri anawatenga kuti, komanso ngati anayenda nayo paipiyo ndi tepi m'manja ili yozizira, nkubweranso kudzaiona itatentha.