Musanamutsutse, mufunseni ngati akugona

Chaka chino makolo atatu osadziwana andiuza mawu amodzimodzi: "Adokotala, mwanayu sakudwala, zangomulowa za m'mafilimu." Mayi wina wa ku Ngabu anachita kunditambasulira foni ya mwana wake. Pa status panali mzungu wowonda, tsitsi lomanga kumbuyo, ndudu kukamwa, chitini cha mowa patebulo, akufotokoza mosatekeseka kuti moyo ulibe phindu. Ndinamuzindikira. Ndi Rust Cohle wa mu sewero la pa TV la True Detective.

Ntchito yanga ndi ya matenda a maganizo kuno kuchigwa cha Shire, ndipo mndandanda woyamba wa seweroli, umene muli Cohle, ndinauonera wonse, zigawo zake 8, kawiri. Seweroli linatuluka pa kanema wa HBO mu 2014, analemba ndi Nic Pizzolatto, ndipo wosewera Cohle ndi Matthew McConaughey. Cohle ndi mnzake, apolisi awiri a ku Louisiana ku America, akufufuza za mayi wophedwa mu 1995, mtembo wake utasiyidwa m'munda wa nzimbe, ndipo mlanduwo ukuwatsatira mpaka 2012. Dera lake ndi la madambo, nzimbe, kutentha, anamondwe ndi alaliki a m'matenti. Ungayese wajambulayo anaima pakati pa Nchalo ndi Elephant Marsh. Sindidabwa kuti anyamata athu amalimva msanga.

Zonena za Cohle si zachilendo. Arthur Schopenhauer wa ku Germany, amene anabadwa mu 1788 n'kumwalira mu 1860, ankaphunzitsa kuti munthu ndi kapolo wa chilakolako: akasowa amavutika, akapeza amatopa nacho, n'kuyamba kulakalaka china. David Benatar wa ku Cape Town analemba mu 2006 kuti kubadwa kumene ndi kuvulazidwa, choncho kuli bwino osabereka. Ngakhale Yobu anatemberera tsiku limene anabadwa. Koma Schopenhauer yemweyo anafika zaka 72, ankadya bwino, ankaimba chitoliro, ankayenda ndi galu wake tsiku ndi tsiku. Kuona dziko moipa si matenda. Ndili ndi anzanga oganiza chomwecho ndipo nsima amamaliza.

Cohle ndi wina. Kamwana kake kakakazi kanamwalira pangozi ya galimoto, banja n'kutha. Anakhala zaka zinayi pakati pa ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, akubisa kuti ndi wapolisi, iyenso akuwagwiritsa ntchito, mpaka anagonekedwa kuchipatala cha amisala. Sagona. Amaona zinthu zimene kulibe. M'nyumba mwake muli matiresi pansi basi. Wolemba anaika zonsezi dala kuti tione kumene mawu aja akuchokera, koma tizidutswa toyenda m'mafoni timadula zimenezi n'kusiya mawu okoma okha. M'chigawo chomaliza bambo yemweyu akulira panja pa chipatala, akukamba za mwana wake. Chimenecho sindinachionepo pa status ya munthu. Ndipo mnzake uja, Marty Hart, wa chibwenzi cham'mbali, womwa, wa ndewu, palibe amamukayikira chifukwa amaseka ndi anthu. A mtundu umenewo adzaza m'mabala athu, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Amene amandisowetsa mtendere ndi mnyamata wina wa kabaza wa ku East Bank. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba yawo mu Marichi 2023, anakakhala kumsasa, ndipo kumeneko mwana wake wa zaka ziwiri anamwalira ndi kutsegula m'mimba. Mkazi anabwerera kwawo. Patapita miyezi, mlongo wake anabwera naye. "Adokotala, achimwenewa akulankhula zosamveka. Akuti tonse tikanapanda kubadwa."

Anali wozindikira, wofika Fomu 4, ndipo mawu a Cohle ankawatchula m'Chingerezi osaphonya. Ine ndinakomedwa. Tinatsutsana pafupifupi ola lathunthu, ine ndikuponya mfundo, iye akubweza, pamene panja pali mzere wa odwala padzuwa la Okutobala. Ndinalemba kuti ndi chisoni cha maliro, ndinamuuza tsiku lobweranso. Sindinamufunse ngati akugona. Sindinamufunse ngati anaganizapo zodzipha. Ndi mafunso amene ndimaphunzitsa ena, ndipo tsiku limenelo sindinawafunse.

Sanabwerenso. Amalume ake anati munthu sangadane ndi moyo popanda womuchita chipongwe, anamuwolotsa kupita naye kwa sing'anga ku Mozambique. Anamutema mphini, anamupatsa zosamba, anatchulanso dzina la womulodza, mayi wachikulire woyandikana nawo amene sankadziwa kanthu. Malipiro anachokera panjinga ija, imene inali chinthu chokhacho chomudzutsa m'mawa. Zitakanika anapita kwa mneneri wina wogulitsa madzi odzozedwa, amene anati ndi chiwanda cha m'filimu, n'kulamula kusala kudya masiku 7. Munthu woti anali atasiya kale kudya! Patatha miyezi isanu anabwera naye atamunyamula, atayesa kudzichotsera moyo. Anapulumuka. Apo m'pamene mlongo uja anandiuza kuti kuyambira kale ankadzuka 2 koloko usiku n'kukhala pakhonde mpaka kucha, kuti wailesi ndi nsapato zake anagawa, kuti kachasu ankamwa kuti apeze tulo. Zonsezi ankazidziwa tsiku loyamba lija. Palibe anamufunsa.

Ndiye ndikukupemphani, wachibale wanu akayamba kulankhula zoterezi, lekani kulimbana ndi mawu. Musamutsegulire mavesi, musamulande foni, musamuuze kuti mwamuna salira. Yang'anani thupi ndi zochita. Ngati kwa masabata awiri kapena kupitirira sakugona, akuwonda, wasiya mpira kapena bawo imene ankaikonda, ntchito yamukanika, mowa wakwera, amenewo akhoza kukhala matenda ovutika maganizo amene kuchipatala timati depression, kaya amaonera mafilimu kaya ayi. Akayamba kugawa katundu, kutsanzika, kapena kunena kuti ndi mtolo kwa abale, musadikire kuti kuche kawiri. Mufunseni mosapsatira: "Achimwene, kodi mwaganizapo zodzipha?" Anthu amaopa kuti funsoli limuika maganizo amene analibe. Si zoona. Ambiri amapumira m'mwamba kuti wina wafunsa. Mankhwala opopera thonje ndi oteteza chimanga achotseni m'nyumba, akasungidwe kwa mbale wina, ndipo munthuyo asagone yekha.

Pitani naye kuchipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje, kapena yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi kuti akutumizeni. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti mawa ali ku Zomba Mental Hospital. Ambiri amathandizidwa akugona kwawo. Mankhwala monga fluoxetine ndi amitriptyline sagwira tsiku lomwelo. Amatenga masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina kuposa, ndipo apa m'pamene ndimatayira anthu ambiri: sabata imodzi ikatha osaona kusintha, amalume aja abweranso ndi dzina la sing'anga wina. Akayamba kupeza bwino asasiye yekha, amafunika kumwabe miyezi ingapo. Amitriptyline azisungidwa ndi wachibale, amene azipereka mlingo wa tsiku limenelo lokha. Kupemphera sindiletsa, inenso Lamlungu ndimakhala kutchalitchi. Chimene ndimakana ndi munthu wolamula wodwala kutaya mapiritsi m'chimbudzi kuti aonetse chikhulupiriro, kapena wolandira mbuzi kuti atchule mfiti.

Mnyamata uja amabwera mwezi ndi mwezi, kupatula nthawi ya dzinja msewu ukaduka, pamene mlongo wake amaimba foni. Akugona maola 6, thupi labwerera. Mwezi watha anatchula dzina la mwana wake koyamba pamaso panga. Pa nkhani ya dziko sanasinthe: amanenabe kuti ndi loipa ndipo mwina sadzaberekanso, ine sindimutsutsa. Akupalasa njinga ya munthu wina, ndipo madzulo aliwonse amapereka gawo la ndalama kwa mwini wake.