Duwa la kangaude la ku Texas siliopa madzi

Aliyense amene analimapo anyezi amadziwa kuti madzi akadikha pabedi, anyeziyo amafewa n'kuwola. N'chifukwa chake anthu ambiri okonda maluwa akhala akukhulupirira kuti chomera chilichonse chokhala ndi mutu wonga wa anyezi pansi chimafuna nthaka youma. Kwa zomera zina n'zoonadi, koma osati zonse.

Duwa la kangaude, lomwe asayansi amalitcha Hymenocallis liriosme, kwawo ndi kumadambo a ku Texas ndi Louisiana m'dziko la America, kufupi ndi nyanja ya Gulf of Mexico. Limamera m'zigwa za udzu zodikha madzi, ngakhalenso m'ngalande za m'mbali mwa msewu. Mutu wake umakhazikika m'matope enieni, madzi n'kumayenda pamwamba pake, ndipo limaphuka bwinobwino kuyambira Malichi mpaka Meyi. Mukaliyandikira, mumaona kachikho koyera kopyapyala, kachikasu pang'ono mkati, ndipo m'mbali mwake mumatuluka timasamba 6 titalitali ngati miyendo ya kangaude. Dzina lake loti duwa la kangaude linachokera pamenepo. Fungo lake ndi lokoma kwambiri.

Zimandipweteka kuti munthu akhoza kulikumba ndi mtima wabwino, n'kukalibzala pamtunda pouma poganiza kuti akulipulumutsa, pamene akulichotsa pamalo pomwe limasangalala. Dambo likaumitsidwa kuti pamangidwe nyumba, duwali limapita nalo limodzi.

Kufanana kwake ndi anyezi kusakunamizeninso pankhani ya kudya. Ndi la banja la Amaryllidaceae, ndipo mutu wake uli ndi poizoni wosanzitsa.