Feteleza wa m'dimba amafika m'chitsime

Mbewu sizidya feteleza yense amene timathira. M'thumba la urea la makilogalamu 50 muli nayitrojeni, chakudya chokulitsa mbewu, wokwana makilogalamu 23. Akalowa m'dothi, tizilombo tosaoneka ndi maso timamusandutsa mchere wotchedwa nitrate, ndipo mcherewu sugwira ku dothi. Umene mizu sinayamwe umatsika ndi madzi a mvula kapena othirira mpaka kukapeza madzi a pansi pa nthaka, omwe timatungawa.

Kumene ndimada nako nkhawa kwambiri ndi m'madimba a m'dambo. Kumeneko ukakumba kufika m'chiuno, madzi atuluka kale. Chitsime chothirira tomato ndi mpiru chimakhala pambali penipeni pa bedi, chopanda chivundikiro, ndipo dzuwa likatentha anthu amamwa momwemo, ena n'kutungirako akunyumba. Pamudzi napo, khola la ng'ombe kapena chimbudzi chikakhala kumtunda kwa chitsime, nitrate wa m'ndowe amadzera njira yomweyi.

Nitrate alibe fungo, alibe mtundu. Madzi amaoneka mbee. Klorini amapha tizilombo ta kolera koma mcherewu saukhudza, ndipo kuwiritsa kumangoonjezera, chifukwa madzi amachepa ndi nthunzi mchere n'kutsala m'poto. Ovutika msanga ndi makanda osakwana miyezi 6 amene akumwetsedwa mkaka wosungunula ndi madzi otere. Magazi awo amalephera kunyamula mpweya mokwanira, milomo ndi zala n'kuyamba kubiriwira. Mwana wotere muthamangire naye kuchipatala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika malire a mamiligalamu 50 a nitrate pa lita imodzi ya madzi akumwa makamaka poteteza anawa.

Malamulo tili nawo. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa National Water Resources Authority, yopereka zilolezo zotenga madzi ndi zotaya madzi oipa, pomwe Malawi Bureau of Standards ili ndi miyezo ya madzi a m'mijigo ndi m'zitsime. Koma chilolezo chimagwira fakitale, imene paipi yake imaoneka. Feteleza wochokera m'minda mazanamazana alibe paipi yoti woyendera akailoze. Mjigonso kawirikawiri umayezedwa pokumba, kenako zaka n'kumapita popanda wobweranso ndi botolo. Apa m'pamene boma liyenera kuikapo ndalama, ndipo makomiti a mijigo asachite manyazi kupempha ku ofesi ya zamadzi ya kukhonsolo kuti madzi ayezedwenso.

Mlimi, urea muzithira pang'onopang'ono motsatira muyezo wa alangizi, n'kukwirira, osati mvula yamphamvu itatsala pang'ono kugwa. Chimbudzi, khola ndi mulu wa manyowa zikhale kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30. Sipuleya ndi mabotolo a mankhwala a mbewu musatsukire pachitsime. Ngati simenti ya pamjigo yang'aluka, imateni mvula isanayambe.