Keyala imasintha ngakhale inu simunasamuke

Pa zaka zimene ndakhala ndikusankha makalata pa positi ofesi kuno ku Dedza, mawu amene ndatopa nawo kuwamva ndi akuti, "Koma bambo, keyala yanga ndi yomwe ija, ine sindinasamuke." Wonena mawuwa amakhala atalawira m'mamawa kuchokera ku Mayani kapena ku Lobi, chitupa chili m'manja, ndipo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti poti nyumba yake ili pomwe inali, keyala yakenso ili momwe inalili. Si choncho ayi. Munthu akhoza kukalambira pakhomo limodzi, keyala yake n'kusintha kawiri kapena katatu.

Keyala, makamaka manambala aja a positikodi, imasonyeza njira imene thumba la makalata limadzera kuti likupezeni. Njirayo ikasintha, manambala amasinthanso. Dera likakula nyumba n'kuchuluka, amaligawa pawiri. Positi ofesi yaing'ono ikatsekedwa, makalata ake amapita kwina. Malire a boma akasunthidwa, zolembedwa zakale zimatha ntchito. Anzathu a ku Balaka akudziwa bwino zimenezi, pakuti mpaka mu 1998 dera lawo linali pansi pa boma la Machinga. Ku Germany, mayiko awiri aja, la kum'mawa ndi la kumadzulo, atagwirizananso kukhala dziko limodzi anapeza kuti mizinda ina, monga Bonn ndi Weimar, inali ndi nambala imodzimodzi ya 5300, ndipo mu 1993 dziko lonse linasiya manambala anayi n'kuyamba asanu. Kuno kwathu, lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linapatsa bungwe loyang'anira za mauthenga la MACRA udindo wokonza makeyala ndi mapositikodi, ndipo positikodi ya Malawi ili ndi manambala asanu ndi limodzi. Mukawona malo ake pa fomu, musalembepo nambala ya bokosi kapena ya foni monga ambiri amachitira. Funsani pa positi ofesi yanu.

Komabe chimene chimapweteka anthu ambiri kumudzi kuno ndi bokosi la eni ake. Timalemba bokosi la sukulu ya pulayimale, la mpingo kapena la sitolo ya pamsika, chifukwa bambo athu ankalemba lomwelo. Bokosi ndi lalendi. Eni ake akapanda kulipira limatsekedwa, ndipo pakapita nthawi likhoza kupatsidwa kwa munthu wina amene sakukudziwani n'komwe.

Pali nkhani imodzi imene mpaka lero imandisowetsa mtendere. Mayi wina wa kufupi ndi Linthipe anaferedwa mwamuna wake, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa kampani ina mumzinda. Bamboyo polembedwa ntchito ali mnyamata anapereka bokosi la sukulu ya kwawo, ndipo sanakasinthenso ngakhale sukuluyo inali italisiya kalekale. Kalata yoitana mayiyo kuti akasaine za ndalama za malemuwo inabwera, tinaisunga nthawi yake yonse, kenaka tinaidinda kuti ibwerere kumene inachokera. Inabwera yachiwiri, nayonso inabwerera. Tsiku limene mayiyo anafika pazenera langa, anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kapepala kong'ambika m'mapindiro, pamene mwamuna wake analembapo nambala ya bokosi lija ndi dzanja lake. Ndinalizindikira nthawi yomweyo, chifukwa amene anadinda makalata aja ndinali ine. Ndinatsata malamulo a ntchito, koma mwana wawo wamkulu anali atasiya kale sukulu chifukwa chosowa fizi, pamene ndalama zinali zikudikira. Ndalamazo mayiyo anadzalandira patapita nthawi yaitali, atatha maulendo ambiri a minibasi ndi ndalama zongokongola.

Ndiye ndikupempheni, musadikire maliro kapena kupuma pantchito. Pitani kubanki, kwa abwana anu pantchito, kwa osunga penshoni yanu ndi kusukulu ya mwana wanu, muwauze akuwonetseni keyala imene ili m'mabuku mwawo, ndipo ngati ndi yakale mulembe fomu yosinthira tsiku lomwelo. Kuuza kalaliki pakamwa pokha sikukwanira, chifukwa iye akasamutsidwa mawu anu amapita naye. Nambala ya foni muisinthenso pomwepo ngati munataya simukhadi yakale. Abale amene ali ku Johannesburg muwatumizire keyala yonse yolembedwa bwino, ndipo inunso powalembera musasiye manambala anayi a positikodi ya kumeneko, pakuti malo a mayina ofanana alipo ambiri.

Chenjezo langa lalikulu ndi la madobadoba. Alipo amene amayendayenda pafupi ndi maofesi n'kumati akukonzerani keyala mukawapatsa kangachepe, ndipo alipo ena amene amaimba foni kunena kuti katundu wanu wagwidwa chifukwa positikodi yalakwika, choncho mutumize ndalama pa foni kuti amasulidwe. Amenewo ndi akuba. Kudziwa positikodi ya dera lanu sikulipiritsidwa, ndipo ndalama iliyonse yoyenera kulipiridwa pa katundu imaperekedwa pazenera la positi ofesi, munthu n'kulandira lisiti. Wina akakuimbirani motero, dulani foniyo, mutenge chitupa chanu cha unzika mubwere mudzafunse nokha.